Masitepe Ogwedera a Mufilimu

"Ndikufuna ngati awa, bambo," anatero munthuyo akuyandikitsa foni kumaso kwa a Nyundo. "Otambalala kumunsi, opindika pang'ono kumtunda. Azinyezimira ngati siliva."

A Nyundo anakankhira chigoba chowotcherera pamphumi n'kuzimitsa makina. Geti yomwe ankalumikiza inali ikufukabe utsi. Poyamba sanayang'ane foniyo. Anayang'ana malaya a munthuyo, amaluwa ofiira ngati katani, ndi kaunyolo kamene kankalendewera pakhosi pake. Ankamudziwa. Anali mtsogoleri wa gulu la nyimbo ndi zisudzo lomwe linkakonzekera mu holo ya kuseri kwa msika, ndipo anthu ake ankangomutchula kuti a Direkita.

"Ndinu amene munachotsa mwana wanga pantchito," anatero a Nyundo.

"Anachoka yekha, bambo. Ine ndinangomuuza kuti ali ndi mawu."

"Mawu ali nawo aliyense. Ngakhale geti iyi ili nawo ikasowa girizi."

Mwanayo anali wamkazi, wotsiriza m'banja mwawo, ndipo kunyumba ankangomuitana kuti Mzime. Ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, atavala jasi loyera. A Nyundo akamapita kukagula zitsulo ankazungulira dala njira yaitali kuti amuone kudzera pagalasi akufotokozera anthu kamwedwe ka mapilitsi. Mwezi wathawo Mzime anasiya ntchitoyo osawauza, iwo n'kukamvera kwa kasitomala. Kuyambira pamenepo awiriwo ankapatsirana mchere patebulo osayang'anana.

"Iyeyo ndi amene wandituma," anatero a Direkita. "Akuti palibenso wina amene angapange masitepe oti munthu n'kutsikapo atatsinzina. Tikufuna tichite ngati a mufilimu ija, tizizungulira nawo m'matauni."

"Mukamuuze kuti ndili ndi mageti a eni."

Koma a Direkita asanabweze foni m'thumba, diso la a Nyundo linagwera pachithunzicho. Chinali chosaoneka bwino, chojambulidwa pa TV. Masitepe aatali ankatsika kuchokera mumdima, ndipo pansi pake panalibe mzati ngakhale umodzi. Munthuyo atapita, a Nyundo anayatsanso makina, koma dzanja silinkayenda. Chinkagwira masitepe amenewo n'chiyani?

Saluni ya mkazi wawo inali m'chipinda cha kumaso kwa nyumba, moyang'ana msewu. Analowa akupukuta manja ndi chisanza. Mayiwo ankaluka tsitsi la nesi wina yemwe anali kasitomala wawo wakale, ndipo mphunzitsi wina wachikulire anali atalowetsa mutu m'makina owumitsira tsitsi.

"Mayi, filimu yanu ija yabereka," anatero a Nyundo ali pakhomo.

"Iti?"

"Ija inamuzunguza mutu mwana. Tsopano akufuna ndiwapangire masitepe."

"Munaionerapo?"

"Sindionera zachibwana."

"Ndiye mukuiweruza bwanji mlandu musanaumve?" anafunsa mayiwo osasiya kuluka. "Ili momwemu. Khalani."

"Ndingoona pa masitepe pokhapo."

"Masitepe ali kumapeto. Ndipo batani lothamangitsa linafa kalekale. Ndinakuuzani mukonze, inu munati ndinu munthu wa zitsulo osati wa tizidole."

Nesi anaseka mpaka mayiwo anamuwongola mutu. A Nyundo anatsamira felemu ya chitseko, manja atapinda pachifuwa, kuti aliyense aone kuti sakukhalitsa.

Filimuyo inali yakale, ya chilankhulo chakunja, ndipo nesi ndi amene ankamasulira, ngakhale ambiri mwa mawuwo ankangowapeka. Inali nkhani ya mtsikana wotsuka mbale mu lesitilanti, yemwe ankalota kuti tsiku lina dzina lake lidzalembedwa ndi mababu pamwamba pa khomo la nyumba yaikulu ya zionetsero. Sipanapite nthawi, mtsikanayo anayamba kuimba ali ndi thovu m'manja. Ophika onse anatuluka m'khitchini akuvina ndi zipande, ndipo makasitomala anakwera pamatebulo n'kumaponya miyendo m'mwamba mofanana.

"Nanga pamoto watsala ndani?" anafunsa a Nyundo.

"Zikupserera," anayankha nesi. "Zimapserera nthawi zonse tikaonera."

Mtsikana uja anathawira mumzinda waukulu ndi kasutikesi kakang'ono, koma m'kasutikesi komweko munkatuluka madiresi osatha, lina lanthenga, lina lagolide, lina lalitali moti anthu awiri ankalinyamula kumbuyo. Mzinda wonsewo unali wopentedwa pansalu. Munthu akamenyetsa chitseko, nyumba zosanjikizana za pawindo zinkagwedezeka. Bwana wa zionetsero anali ndi ndevu zapamlomo zomata, ndipo atakalipa kwambiri mbali imodzi inayamba kulendewera.

"Yafika?" anakuwa mphunzitsi ali m'makina muja, poti samamva bwino.

"Yafika, aphunzitsi. Ndevu zagwa."

Mphunzitsiyo anasolola mutu kuti aone, n'kuseka ngati koyamba. A Nyundo anadabwa. Azimayiwa ankadziwa paliponse pomwe filimuyo inaphonya, ndipo ankapadikira ngati mmene munthu amadikirira mlendo wokondedwa. Chibwenzi cha mtsikanayo, woimba piyano, chitagundidwa ndi galimoto, chinagona pabedi lachipatala tsitsi lili lopesa bwino pansi pa bandeji, n'kuyamba kuimba nyimbo yaitali yotsanzika.

"Zaka zonsezi ndili m'chipatala," anatero nesi, "sindinaonepo munthu wothyoka nthiti akukoka mawu chonchi. Athu amangobuula."

"Ndiye mumadziwa kuti ndi zabodza," anatero a Nyundo. "Ngakhale milomo yake sikugwirizana ndi mawu."

"Timadziwa kuposa inu," anayankha mkazi wawo. "Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Filimu iyi inaipa, koma nyimbo imadziwa."

A Nyundo sanadziwe kuti anachoka nthawi yanji pakhomo paja. Anangozindikira atakhala pampando wapulasitiki, kabasiketi ka zipeso kali pamiyendo pawo.

Kenako filimuyo inada. Mtsikana uja anali atayamba kutchuka, ndipo mtima wake unauma. Mnzake yemwe anamulandira atangofika mumzinda, amene ankagawana naye bulangeti, anamutsekera m'chipinda chovaliramo n'kukaimba nyimbo yake. Pa tsiku lachionetsero chachikulu foni inalira. Amayi ake anali kayakaya kumudzi, ndipo ankamuitana. Mtsikanayo anamvetsera, anaika foni pansi, anayang'ana pagalasi, n'kuyamba kudzola zofiira pamilomo.

Mu saluni ngakhale manja oluka tsitsi aja anaima.

Makatani aakulu anatseguka, ndipo masitepe aja anaonekera.

A Nyundo anasendeza mpando. Anaona nthawi yomweyo zimene ankafuna kudziwa. Sanali achitsulo ayi. Anali amatabwa opakidwa utoto wa siliva, ndipo ankagwiridwa ndi mawaya awiri ochokera kudenga, omwe anawapaka zakuda kuti asaoneke. Chogwirira cha m'mbali chinali chokongoletsera chabe. Inali ntchito yoti iwo sakanailola kutuluka pageti pawo.

Pamwamba penipeni panaima mtsikana uja. Anavala nsapato za gogoda zazitali, diresi lolemera ndi timagalasi, ndipo kumutu anasenza chisoti chanthenga chachikulu ngati dengu, chokhala ndi timababu toyaka. Kawaya ka magetsi kankaonekera kumsana kwake. Ng'oma ndi malipenga zinayamba pansipansi. Iye anaponda sitepe yoyamba, ndipo masitepe onse anagwedera.

Sanayang'ane pansi. Anatsegula pakamwa n'kuyamba kuimba, maso ali kutsogolo, manja atatambasula. Sitepe iliyonse inkawerama pang'ono akaiponda. A Nyundo anaona bondo lake likunjenjemera pansi pa nsalu, anaona mtsempha wa pakhosi utatupa, koma nkhope yake inkamwetulira ngati munthu amene akutsika kuchokera kumwamba atatumidwa. Ovina anadzaza m'mbali monse, nthenga zikuyenda ngati munda wa mapira pamphepo. Kuchokera kudenga kunayamba kugwa timapepala tagolide. Nyimbo inkakwerabe, ndipo pomwe a Nyundo ankaganiza kuti yafika pothera, inakweranso.

Mtsikanayo ataponda pansi, a Nyundo anayang'ana pamiyendo pawo. Kabasiketi kaja kanali katagwa, zipeso zili mbwee pasimenti.

"Pamenepa sananamize," anatero motsitsa mawu. "Mzinda ndi wabodza, ndevu ndi zabodza. Koma masitepe awo amagwederadi, ndipo mayi ameneyu anatsikadi. Akanatha kuthyoka khosi."

"Mwaonatu," anatero mkazi wawo.

Filimuyo inatha anthu akuwomba m'manja, dzina la mtsikanayo likuyaka pamwamba pa khomo, iye akulira yekha m'chipinda chodzaza maluwa. A Nyundo anatola zipeso zija chimodzichimodzi, ndipo mtima wawo utakhazikika, mkwiyo unabwerera.

"Ndiye phunziro lake n'chiyani? Utsekere mnzako, usiye mayi ako akufa, anthu akuwombere m'manja?"

"Akulira uyo," anatero nesi. "Walangidwa."

"Walangidwa ali m'diresi lagolide?"

Mphunzitsi uja anali atatuluka m'makina ndipo ankadziyang'ana pagalasi. "Pamenepo mwalasa, bambo," anatero. "Filimu iyi sidziwa chimene ikufuna. Pakamwa ikumudzudzula mtsikanayu, koma manja akumuveka nthenga. Ili ngati kholo lomwe likukalipira mwana uku likumusenderezera mbale."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero a Nyundo. "M'kati muli nyerere."

"Nyererezo mwana wanu anaziona kale," anayankha mkazi wawo. "Waionera kangati filimuyi? Si wopusa. Inu simunamumvepo akuimba kupatula kubafa. Pitani mukamumve, mukabwere mudzandiuze za nyerere."

Anapita masana omwewo, osavula n'komwe ovolosi. Ankadziuza kuti akukamutenga mwanayo.

Holo ya kuseri kwa msika inali yamalata, yotentha, yonunkha fumbi ndi utoto. Anaima pakhomo pomwe panali kamdima. Pasiteji anyamata a gululo anali atasanjikiza matebulo, mabenchi ndi makereti a zakumwa, n'kuzimanga ndi zingwe kuti zikhale ngati masitepe. Pamwamba pa mulu umenewo, pafupi ndi denga, panaima Mzime. Anavala diresi lake wamba, nsapato za gogoda zobwereka, ndi chisoti chakatoni chomatidwa nthenga za nkhuku zopakidwa utoto. Pakanakhala pena, a Nyundo akanaseka.

Woimba kiyibodi anayamba, ndipo Mzime anaimba.

Nyimboyo sinali ya mufilimu ija, inali yopeka okha. Mawu ake anatuluka aakulu, ozama, osafanana ndi kamtsikana kamene kankayankha kuti "chabwino, ababa" patebulo. Anadzaza holo yonse mpaka malata anayamba kulira nawo. Azimayi ogulitsa kumsika anali atasiya mabenchi awo n'kuunjikana pamawindo. Bambo wina wonyamula katundu anaima pafupi ndi a Nyundo, thumba lili pamutu, ataiwala kulitula. A Nyundo anayang'ana mwana wawo ngati munthu amene akumuona koyamba. Mawu amenewa anakulira m'nyumba mwawo, kuseri kwa khoma limodzi ndi makina awo, ndipo iwo sanawamve.

Mzime anayamba kutsika. Benchi inasuntha, kereti inalira, chingwe chinakokeka. Mtsikanayo anapendekeka pang'ono, n'kudziwongola osadula nyimbo.

"Imitsani," anatero a Nyundo. Sanakuwe, koma kiyibodi inazima.

Anayenda mpaka kusiteji, n'kugwira mwendo wa tebulo lapansi ndi manja onse awiri. "Tsika pang'onopang'ono. Vula nsapatozo kaye."

Mzime anatsika nsapato zili m'manja. Anthu a gululo anabwerera m'mbuyo, ndipo a Direkita anapeza chochita kuseri kwa katani.

"Wamanga izi ndani?" anafunsa a Nyundo.

"Tonse, ababa."

"Mukufuna maliro kapena chionetsero?"

"N'chifukwa chake ndinatuma kwa inu."

A Nyundo anagwedeza tebulo lija, mulu wonse n'kuvina.

"Ndaionera filimu yako," anatero.

Mzime anakweza maso. "Yonse?"

"Batani linafa."

Mtsikanayo analuma mlomo kuti asaseke.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anapitiriza a Nyundo. "Unali ndi ntchito yabwino. Ukabwerera lero, mwina angakulandire."

"Analemba kale wina, ababa. Ndipo ngakhale akanapanda kulemba, sindikanabwerera. Ndinkawerenga mapilitsi uku ndikuimba mumtima, tsiku lina ndikanapatsa munthu mankhwala olakwika."

"Mtsikana wa mufilimu uja anatsekera mnzake m'chipinda."

"Ine sinditsekera munthu."

"Aliyense amatero asanafike pachitseko. Nanga foni ikadzalira? Amayi ako akadzadwala iwe uli pamwamba apo?"

Mzime anavula chisoti chija n'kuchiyang'ana. "Ikalira ndisanakwere, ndibwera," anatero. "Ikalira ndili pakati pa nyimbo, ndimaliza nyimboyo kenako ndibwera. Sindikufuna kukunamizani."

Yankholo linawabaya a Nyundo. Ankayembekezera kuti alumbira, alira, alonjeza zonse. Anayang'ana nkhope yake, yonyowa ndi thukuta, ndipo anaona kuti mwanayo waganizapo kale za funsoli payekha, mwina kambirimbiri.

Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa tepi. "Gwira uku," anatero. "Ufike nayo pakhoma."

Mageti a eni anadikira. Kwa masiku angapo kuseri kwa nyumba kunkangomveka kulira kwa chodulira zitsulo. A Nyundo anapanga masitepewo ndi mapaipi olimba, anaika mizati iwiri kumbuyo komwe anthu sangaione, ndipo pa sitepe iliyonse anamatapo labala kuti gogoda isaterereke. Chogwirira anachipinda ndi moto mpaka chinatsika mokhota bwino ngati khosi la tsekwe. A Direkita atabwera kudzaona anapempha kuti chogwiriracho chikhale chopyapyala ngati cha mufilimu.

"Cha mufilimu n'chonamizira," anayankha a Nyundo. "Ichi n'chogwira. Mukafuna chionekere chopyapyala, zimitsani babu la mbali iyo."

Utoto wa siliva anapaka okha, kawiri. Utauma, mkazi wawo anatuluka mu saluni ndi makasitomala ake, ena tsitsi lili theka, n'kuima pabwalo akuyang'ana masitepewo akunyezimira padzuwa pakati pa mageti ndi mafelemu a mawindo.

"Bambo, mwaposa filimu," anatero mayiwo.

"Sizovuta kuiposa," anayankha a Nyundo, koma anatembenukira kumbali kuti asaoneke nkhope.

Popeza gululo linkayenda m'matauni, masitepewo anawapanga omasula, olumikiza ndi mabawuti. M'mawa wa tsiku lonyamuka, lole inaima pamsewu, anyamata akukweza zokuzira mawu ndi matumba a zovala. A Nyundo anamuitana Mzime kuseri.

"Masula," anatero akumupatsa sipanala.

"Anyamata aja amasula, ababa."

"Anyamata aja satsikapo. Masula, kenako umangenso ndikuona."

Mzime anagwada pafumbi ndi diresi lake la paulendo. Anamasula mabawuti, anawamanganso, bambo ake akumuonetsa oyambira ndi otsirizira. Lina linamuvuta, sipanala inaterereka n'kumusupula chala. A Nyundo sanamuthandize. Anadikira mpaka analimanga yekha, kenako anagwira chogwirira n'kugwedeza ndi mphamvu zawo zonse. Masitepewo sanasunthe.

"Kulikonse komwe mukafike, uzimanga wekha," anatero. "Wina akamanga, iwe uzibwerezanso. Ngakhale anthu atadzaza holo akukuwa dzina lako, usakwere usanayese bawuti lililonse."

"Ndamva, ababa."

"Sipanalayo tenga. Usabwereke munthu."

Anyamata anabwera kudzanyamula zitsulozo. Mzime anakumbatira amayi ake pakhomo la saluni, kenako anabwerera kwa bambo ake, chala chili m'kamwa.

"Usaganize kuti ndavomera," anatero a Nyundo.

"Ndikudziwa, ababa."

Anakwera kumbuyo kwa lole n'kukhala pa sitepe imodzi yasiliva, sipanala ili pamiyendo. A Nyundo anaima pamsewu mpaka lole inakhota pa msika.